ZA ATALIYANA AMENE ANAMENYERA NKHONDO DZIKO LA AMERICA

Mau okambidwa pa msonkhano wa Bungwe, nalembedwa muno kuti abale amene sanafike awerenge.

 Mlandu umene ndadza nao lero suli wa kuno kwathu ai. Uli wa tsidya lija la nyanja yaikuru ya Atlantic, ndipo eni ace ndiwo Ataliyana. Dzina limeneli si lacilendo m'makutu mwathu, pakuti anyamata a dziko lino a King's African Rifles, amene timati Keyala, anakomana nao Ataliyana pa Moyale ndi pa Tug Argan m'caka ca 1940, ndipo Keyala yomweyo inali pa Gondar m'November 1941 pamene nkhondo ya Abyssinia inatha. Cifukwa cace ambiri a ife, tikamva dzinali, tingokumbukira adani. Koma pa nthawi yomweyo panali Ataliyana ena, unyinji ndithu, amene anabvala zobvala za usilikari za America, naima mbali imodzi ndi Mangerezi, ndipo ena a iwo anakafera pa nthaka ya makolo ao. Funso limene ndifuna kuti tilipime ndi ili: munthu akakhetsa mwazi wace cifukwa ca dziko limene sanabadwiremo, kodi dzikolo limwerengera ciani?

Poyamba tione cimene cinawacotsa kwao. Dziko la Italy linalumikizidwa kukhala ufumu umodzi m'caka ca 1861, koma mbali ya kumwera, ndiyo Sicily, Calabria, Campania ndi Abruzzo, inatsala m'umphawi woopsa. Minda inali m'manja mwa eni cuma owerengeka, ndipo mlimi anali kulima ya mwini, nagawana naye zokolola. Boma latsopano linaika msonkho ngakhale pa kupera tirigu ndi pa mcere, linayambanso kutenga anyamata ku usilikari mokakamiza. Pamwamba pa izi, cibvomezi ca ku Messina m'caka ca 1908 cinapha anthu oposa 70,000. Comweco kuyambira 1880 kufikira 1920 Ataliyana oposa 4,000,000 anaoloka nyanja kumka ku America, ndipo ambiri a iwo analowera pa kacisumbu ka Ellis Island pa dooko la New York, pamene boma linayamba kuyeserapo alendo m'caka ca 1892. Musaiwale cinthu cimodzi, mafumu anga: ena a anyamata amenewa anathawa kwao pokana usilikari, osadziwa kuti usilikari ulikuwalindira kutsogolo.

Ambiri sanapite ndi mtima wakukhalitsa. Anati akagwire nchito zaka ziwiri kapena zitatu, abwere ndi ndalama yogulira munda, monga anacitira anthu athu popita ku Joni ndi ku Wankie. Ndipo monga kunali kwa ife, ena anabweradi, ena anasanduka machona. Nchito zao zinali zimene eni dziko anazinyansidwa: kukumba ngalande, kuyala njanji, kulowa m'migodi ya malasha. Pamene mgodi wa Monongah ku West Virginia unaphulika m'December 1907, nupha anthu oposa 360, pafupi theka la akufawo linali Ataliyana. Ulemu analibe. M'mzinda wa New Orleans, mkuru wa apolisi David Hennessy ataphedwa ndi anthu osadziwika, anagwira Ataliyana. Ndipo bwalo litalephera kuwapeza wocimwa, khamu la anthu linathyola ndende pa 14 March, 1891, nkupha Ataliyana 11. Palibe mmodzi wa khamulo amene analangidwa. Boma la America linangolipira madola 25,000 kwa abale a akufa, kuti boma la Italy litonthole.

Ngakhale unyinji uwu usanafike, Ataliyana owerengeka anali atayamba kale kutumikira m'nkhondo za America. Pa nkhondo ya pacibale ya 1861 kufikira 1865, boma la Abraham Lincoln linapempha Giuseppe Garibaldi, ngwazi ya ku Italy, kuti adzatsogolere gulu lina la nkhondo. Garibaldi anafuna zinthu ziwiri, kuti akhale mkuru wa magulu onse, ndi kuti boma linene poyera kuti nkhondoyo ndiyo yothetsa ukapolo. Ndipo popeza boma silinali lokonzeka kunena comweco m'caka ca 1861, iye sanapite. Ine ndiyesa kuti pa mau aciwiriwo Garibaldi anaona patali kuposa amene anamwitana. Wina, Luigi Palma di Cesnola wa ku Piedmont, anatsogolera apakavalo a ku New York, nabvulazidwa ndi kugwidwa pa Aldie m'June 1863. Pambuyo pace anakhala woyang'anira woyamba wa Metropolitan Museum of Art. Ndipo panali Giovanni Martini, woliza lipenga wa George Custer pa nkhondo ya Little Bighorn m'caka ca 1876, pamene boma linali kulanda dziko la eni nthaka. Custer anamtuma kukaitana thandizo ndi zipolopolo. Koma popeza Cingerezi ca Martini cinali cosamveka bwino, msilikari wina wamkuru anacita kulemba mauwo pa kapepala. Martini anacoka nako, ndipo onse amene anatsala ndi Custer anaphedwa tsiku lomwelo.

Tsono tifike pa Nkhondo Yaikuru ya 1914, pakuti mlandu weni-weni uyambira pamenepo. Italy analowa nkhondo m'May 1915 ku mbali ya Mangerezi ndi Afalansa, natumiza mau kwa ana ace onse a kunja kuti abwere adzagwire mfuti. Lamulo la Italy linali kuwerengera munthu monga mwa mwazi: mwana wa Mtaliyana ndi Mtaliyana, ngakhale akhale ku New York zaka 20, ndipo wosabwera alembedwa wothawa nkhondo, wakuti tsiku limene adzaponda kwao adzamangidwa. Pafupi amuna 300,000 anabwerera kucokera m'maiko onse, koma ocuruka koposa anakhala cete kumene anali. Zitapita zaka ziwiri, pa 6 April, 1917, America nayenso analowa nkhondo, ndipo pa 18 May anaika lamulo lakutenga anyamata ku usilikari. Lamuloli linagwira mbadwa, linagwiranso mlendo ali yense amene anali atatenga kalata yoyamba yonena kuti afuna kudzakhala nzika. Taonani tsono munthu mmodzi, mafumu awiri amwitana, ndipo yense ati ndiwe wanga. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa. Anthu awa anakhala mu mvula imeneyo kufikira 1918, pamene maboma awiriwo anapangana za usilikari wa anthu ao okhala kunja.

M'gulu la nkhondo la America la nthawi imeneyo, pafupi msilikari mmodzi mwa asanu ali onse anabadwira kunja, ndipo Ataliyana anali mwa mitundu yocuruka koposa. Bvuto loyamba silinali mantha koma cinenero. Mnyamata wa ku Calabria, amene ngakhale Citaliyana ca m'mabuku sanacidziwa, koma cinenero ca m'mudzi mwao cokha, anaima pa perete osamva kanthu ka zimene sajeni anali kupfuula. Akuru a asilikari ambiri anayesa kusamvako ulesi kapena kupusa, nawataya anthuwo ku khichini kukasenda mbatata ndi kukakumba zimbudzi. Iwo anakhumudwa, ena napempha kuti awamasule. Ife amene tinagwirapo nchito pansi pa munthu wosadziwa cinenero cathu tidziwa kuwawa kwace kwa kuyesedwa citsiru cifukwa ca mau okha.

Mankhwala ace anapezeka pa msasa wa Camp Gordon ku Georgia m'caka ca 1918, ndipo anali mankhwala apafupi. Anasonkhanitsa anthuwo monga mwa zinenero zao, Ataliyana paokha, a mitundu ya Cislavu paokha, nawapatsa atsogoleri odziwa zinenerozo. Malamulo a pa perete anali kuperekedwa m'Cingerezi, koma kumasulira kwace kunali m'cinenero ca kwao; anawapatsa maphunziro a Cingerezi masiku onse, nawafunira ansembe akumva kuulula kwao. Pa masabata owerengeka anthu omwe aja anayesedwa acabe anasanduka asilikari abwino, ndipo njirayi inatengedwa ku misasa yina. Cimene cinasintha si anthuwo ai, koma makutu a owalamulira.

Pa 9 May, 1918, Nyumba ya Malamulo ya America inacita cinthu cacikuru. Kale mlendo anayenera kukhala m'dziko zaka 5 ndi kutenga makalata awiri asanakhale nzika. Tsopano inati msilikari ali yense wotumikira bwino angathe kulumbira pomwepo, wosadikira zakazo. Oweruza anapita okha ku misasa, nalumbiritsa anthu mazana tsiku limodzi, zombo zisananyamuke. Alendo oposa 100,000 a mitundu yonse analandira unzika mwa njira imeneyi. Tinene zoona, boma silinacite ici mwa cifundo cokha. Linafuna kuti munthu wopita ku imfa apite ali wace. Komabe pangano linali lomveka, ndipo mbali zonse ziwiri zinadziwa mtengo wace.

Mwa onse amene anapita ku France, ndisankha mmodzi. Michael Valente anabadwira m'dera la Cassino m'caka ca 1895, nafika ku America m'caka ca 1913 ali mnyamata wa zaka 18, nakhala ku Ogdensburg m'cigawo ca New York. Analowa usilikari, nakhala m'gulu la 107th Infantry, la 27th Division, limene linamenya nkhondo pansi pa ulamuliro wa Mangerezi pamodzi ndi asilikari a ku Australia. Pa 29 September, 1918, gululi linapita kukathyola linga lolimba la Ajeremani lochedwa Hindenburg Line, pafupi ndi mudzi wa Ronssoy. Mfuti za ciwaya za Ajeremani zinawagwetsa ngati mapira, ndipo gulu la Valente linakanirira pansi osakhoza kusuntha. Valente anadzipereka yekha. Iye ndi mnzace mmodzi anathamanga poyera kulunjika pa ciwaya coyamba, nacitontholetsa, napitirira pa caciwiri, nalumphira m'ngalande ya adani. Ndipo asanabvulazidwe ndi kubwezedwa kumbuyo anali atagwira Ajeremani 21. Mendulo yaikuru koposa ya dzikolo, Medal of Honor, anailandira kwa Pulezidenti Herbert Hoover m'caka ca 1929. Werengani zakazo, abale anga: 11. Mnyamata anathamanga mphindi zowerengeka, koma mendulo inayenda ngati birimankhwe.

Ena ndingowachula. Gulu la 77th Division, lotengedwa m'makwalala a New York, linali losanganiza Ataliyana, Ayuda, Aairishi ndi Apolishi, ndipo mwa ilo munacokera asilikari oposa 500 amene anazingidwa m'nkhalango ya Argonne m'October 1918, osafika 200 naturuka ndi miyendo yao. Fiorello La Guardia, mwana wa Mtaliyana woyimbitsa bandi m'gulu la nkhondo la America, anasiya mpando wace m'Nyumba ya Malamulo, nakaulutsa ndege za nkhondo ku Italy komweko.

Nanga nkhondo itatha, dziko linabweza ciani? Apa ndipo pali ponyansa. Amene analumbira anakhaladi nzika, ndipo palibe anawalanda. Koma abale ao anawatsekera khomo. M'caka ca 1921 cokha Ataliyana oposa 200,000 analowa m'dzikomo. Lamulo la 1924 linadula ciwerengero cao kufikira 3,845 pa caka, ndipo olipanga sanabise kuti afuna anthu a kumpoto kwa Ulaya, a kumwera ai. Comweco munthu amene anasiya mwendo ku Argonne anauzidwa ndi lamulo kuti iye ndi wabwino kufera dziko, koma mphwace si woyenera kulowamo. Tikumbukenso Nicola Sacco ndi Bartolomeo Vanzetti, amene anakana usilikari cifukwa ca maganizo ao, nathawira ku Mexico m'caka ca 1917. Pamene anaimbidwa mlandu wakupha anthu ku Massachusetts, kuthawa kwao kuja kunachulidwa m'bwalo kuwaipitsira mbiri pamaso pa oweruza, ngakhale kunalibe cocita ndi mlanduwo, ndipo anaphedwa pa 23 August, 1927. Wotumikira sanapindulire mtundu wace kwambiri, koma wokana anaulipira ndi mutu.

Sindifuna kuti muyese anthu awa oyera mtima onse. Benito Mussolini atatenga ulamuliro wa Italy m'caka ca 1922, Ataliyana ambiri a ku America anamtama, pakuti anati tsopano dziko lathu liopedwa, ndipo amene atinyoza adzaleka. Pamene anathira nkhondo dziko la Ethiopia m'caka ca 1935, naponya mpweya wakupha pa anthu opanda ndege, akazi ambiri a Citaliyana ku America anabvula mphete zao za ukwati za golide, nazitumiza kukathandiza nkhondoyo. Ndipo ku Harlem m'New York munabuka ndeu pakati pa Ataliyana ndi anthu akuda. Analipo otsutsa Mussolini, olimba mtima, koma pa zaka zimenezo mau ao sanamveke kwambiri. Munthu wonyozedwa akapeza womnyoza iye, kawiri-kawiri aiwala kuwawa kwace. Ici ndinena poyera cifukwa ciri mbali ya mbiri yao, ndipo cifotokoza cifukwa cace boma linawakayikira pambuyo pace, ngakhale sicilungamitsa zimene linacita.

Japan anaponya mabomba pa Pearl Harbor pa 7 December, 1941, ndipo pa 11 December Mussolini analengeza nkhondo pa America. Pa nthawiyo munali Ataliyana pafupi 600,000 amene sanatenge unzika, ambiri a iwo nkhalamba zosadziwa kuwerenga, zimene zinaopa mayeso a Cingerezi. Onsewa analembedwa alendo a dziko la adani. Anayenera kuyenda ndi kabuku kokhala ndi cithunzi ndi cidindo ca cala. Sanaloledwe kupita kutali ndi kwao wopanda cilolezo. Anawalanda mawailesi akumva kutali, zojambulira zithunzi ndi mfuti. Ku California kunaposa: kucokera 8 koloko usiku kufikira 6 koloko mamawa sanaloledwe kuturuka m'nyumba, asodzi analetsedwa kulowa m'nyanja ndipo ngalawa zambiri zinatengedwa, ndipo m'February 1942 anthu pafupi 10,000 anacotsedwa m'nyumba zao za m'mphepete mwa nyanja. Giuseppe DiMaggio, msodzi wa ku San Francisco, atate wace wa Joe DiMaggio katswiri wa masewera amene dziko lonse linali kumtama, analetsedwa kufika pa dooko pamene anagwirapo nchito zaka zambiri. Mwana waceyo analowa usilikari m'caka ca 1943. Ku Monterey mai wina analandira mau akuti mwana wace wafa pa Pearl Harbor, nalandiranso lamulo lakuti acoke m'nyumba mwace monga mdani. Mafumu anga, inu oweruza milandu, mlandu wotere mungauweruze bwanji?

Pamene makolo anali kusenza akatundu, ana ao anali kulowa usilikari, osacepera 500,000, ena obadwira ku Italy, ocuruka obadwira ku America. Unyinji umenewu, pamodzi ndi mavoti a mtunduwo, ndiwo unamasula makolo. Pa 12 October, 1942, Francis Biddle, mkuru wa za malamulo m'boma, analengeza ku New York kuti Ataliyana sadzayesedwanso adani, pakuti mwa 600,000 aja amene anapezeka oyenera kutsekeredwa sanafike 300. Koma anthu a mtundu wa Japan, pafupi 120,000, ambiri a iwo nzika zobadwira momwemo, anatsala m'misasa ya minga zaka zinanso, ngakhale ana ao naonso anali kufa pa nkhondo. Apa muona kuti mwazi wokhetsedwa sunayesedwe pa sikelo imodzi.

Masabata awiri atapita cilankhulire Biddle, usiku wa 24 ndi 25 October, 1942, pa cisumbu ca Guadalcanal, sajeni John Basilone, mwana wa telala wocokera ku dera la Benevento, anali kusunga mzere ndi mfuti za ciwaya pamene Ajapani zikwi anadza kudzalanda bwalo la ndege. Anzace atatha kufa ndi kubvulala, iye anakonza ciwaya cowonongeka mumdima, nathamanga pakati pa adani kukatenga zipolopolo, nasunga malowo kufikira kunaca. Analandira Medal of Honor, ndipo boma linambweza kwao kuti aziyenda m'mizinda kukopa anthu kukongoza boma ndalama za nkhondo. Ku Raritan kwao anthu pafupi 30,000 anadza kudzamcingamira. Akadafuna akadakhala pa mtendere kufikira nkhondo itatha. Iye anapempha kubwerera, nakwatira m'July 1944, nafa pa 19 February, 1945, tsiku loyamba la nkhondo ya Iwo Jima, ali ndi zaka 28.

Koma yeso lowawa koposa linali la iwo amene anatumizidwa ku Italy. Cinenero cija cinali cotonzedwa m'caka ca 1917 tsopano cinasanduka cuma. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Max Corvo, wobadwira ku Augusta m'Sicily m'caka ca 1920, amene anafika ku Connecticut ali mwana cifukwa atate wace anali wotsutsa Mussolini, anali msilikari wamba pamene analemba maganizo ace a kalowedwe ka m'Sicily mobisika. Bungwe la azondi la OSS linamtenga, ndipo asanafike zaka 23 anali kusonkhanitsa anyamata odziwa cinenero ca cisumbuco. Magulu a America ndi a Mangerezi atakoceza pa Sicily pa 10 July, 1943, asilikari ambiri analowa m'midzi imene anangoimva m'nthano za amai ao, nakomana ndi agogo ndi amalume ao ali ndi njala, nyumba zitagumulidwa ndi mabomba a America omwe. Anakhala omasulira, nathandiza kuti asilikari a Italy ambiri aike mfuti pansi osamenyana. La Guardia, amene tsopano anali meya wa New York, anali kulankhula pa wailesi m'Citaliyana sabata ndi sabata kuuza anthu a ku Italy kuti amtaye Mussolini. Mussolini anagwa pa 25 July, ndipo pa 8 September, 1943, kunalengezedwa kuti Italy waleka nkhondo. Koma Ajeremani analanda dzikolo, ndipo nkhondo inakwawa kumka kumpoto miyezi 20. Mzinda wa Cassino, kwao kwa Michael Valente, unasanduka pfumbi ndi mabomba a ndege za America ndi anzace m'March 1944.

Mwezi womwewo kunacitika cinthu cimene ndifuna muciike pamtima. Usiku wa 22 March, 1944, asilikari 15 a OSS, otsogozedwa ndi Vincent Russo, pafupi onse a mwazi wa Citaliyana, anakoceza ndi timabwato ta mphira pa gombe la Liguria, kuti akaphulitse njira ya njanji yobooleza phiri pakati pa Genoa ndi La Spezia. Mumdima anakoceza malo olakwa, ndipo zombo zoyenera kuwatenga zinathamangitsidwa. Anabisala m'khola, ndipo mlimi wina wa pamenepo anawapatsa cakudya. Koma msodzi wina anaona timabwato tao, nakanena kwa asilikari a Mussolini. Mtaliyana anawadyetsa, Mtaliyana anawapereka. Anagwidwa pa 24 March atabvala zobvala za usilikari za America, kotero kuti mwa malamulo a nkhondo anayenera kusungidwa monga akaidi. Koma Hitler anali ataika lamulo m'October 1942 lakuti asilikari otere aphedwe. Ndipo ngakhale akuru ena a Cijeremani pa La Spezia anayesa kuletsa, mkuru wa nkhondo Anton Dostler anakakamiza. Mamawa wa 26 March onse 15 anaomberedwa pa Punta Bianca pafupi ndi Ameglia, nakwiriridwa m'dzenje limodzi. Nkhondo itatha Dostler anazengedwa mlandu ku Rome m'October 1945. Anadzikanira kuti iye anangomvera lamulo la akuru ace. Bwalo linakana mau amenewo, ndipo anaomberedwa ku Aversa pa 1 December, 1945.

Nkhondo yaciwiri iyi inacita cimene yoyamba inalephera. Obwera ku nkhondo anapeza lamulo la 1944, lochedwa G.I. Bill, lowalipirira sukulu ndi kuwakongoza ndalama zogulira nyumba, ndipo ana a okumba ngalande anasanduka aphunzitsi, madokotala ndi oweruza. Koma tisanawatame eni dziko, tifunse cifukwa cace khomo linatseguka kwa awa. Mtaliyana, ngakhale ananyozedwa, analembedwa mzungu m'mabuku a usilikari, nagona m'hema mmodzi ndi azungu ena, nadya nao m'mbale imodzi. Ndipo ubwenzi wa pa nkhondo unatsata ku mudzi. Msilikari wakuda, amene makolo ace anali m'dzikomo zaka mazana Mtaliyana asanafike, anaikidwa m'magulu apadera, monga 92nd Division imene inamenya nkhondo ku Italy komweko m'zaka za 1944 ndi 1945. Ndipo tsankho limeneli linayamba kuthetsedwa ndi lamulo la Pulezidenti Truman m'July 1948. Ngakhale akaidi a nkhondo a Citaliyana, oposa 50,000 amene anasungidwa m'America, nthawi zina analoledwa kulowa m'malo amene msilikari wakuda wa dzikolo analetsedwa. Mkwiyo wa ici unaphulika pa Fort Lawton ku Seattle m'August 1944, pamene mkaidi mmodzi wa Citaliyana anapezeka wakufa, asilikari akuda 28 natsutsidwa pa mlandu umene gulu la nkhondo lomwelo linabvomera m'caka ca 2007 kuti sunazengedwe mwa cilungamo.

Za makolo aja ocotsedwa m'nyumba zao, iwo okha anakhala cete, pakuti anacita manyazi, ndipo ambiri analeka ngakhale kulankhula Citaliyana kwa ana ao. Adzukulu ndiwo anafukula nkhaniyo. Pa 7 November, 2000, Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo lobvomera kuti ufulu wa Ataliyana unaswedwa pa nthawi ya nkhondo, nalamula kuti maina a ogwidwa ndi otsekeredwa afunidwe ndi kulembedwa. Ndipo Nyumba ya Malamulo ya California inanena kupepesa kwace m'caka ca 2010. Panali patapita zaka 58 kucokera 1942 kufikira lamulo la Clinton, ndipo malipiro a ngalawa ndi nyumba munalibe m'lamulomo.